Amene anawomba diresi la mfumukazi anali yani?

Mukaona chithunzi cha diresi la ku France la zaka za m'ma 1700, mwa aja amene amasungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale ku Paris, London kapena New York, maso amayamba athamangira pa maluwa. Maluwawo amakhala ali mbwee pansalu yonse, ena ofiira, ena achikasu, ena onyezimira siliva, atazingwa ndi timasamba tokhotakhota ngati mpiru wotambalala m'dimba. Munthu angathe kulumbira kuti winawake anakhala pansi ndi singano n'kuwapeta. Koma singano sinakhudzepo. Duwa lililonse linalowa m'nsalumo pa nthawi imene inkawombedwa, mzere umodzi wa ulusi pambuyo pa unzake. Wowombayo ankagwira ntchito nsalu ili chafufumimba, nkhope ya nsaluyo itayang'ana pansi, moti kuti aone duwa limene akupanga ankachita kusuzumira ndi kagalasi.

Pambali pa diresi lotere pamakhala kapepala kofotokoza. Kamatchula dziko, zaka ndi mtundu wa ulusi. Mwayi ukakhalapo kamatchula mayi amene analivala kapena banja limene linalipereka, ndipo mwa apo ndi apo wojambula maluwawo. Dzina la munthu amene anakhala miyezi pa chowombera, ndi la mtsikana amene anaima pambali pake akukoka zingwe kuyambira mbandakucha mpaka usiku, simungalipeze. Chimenechi chimandiwawa mumtima.

Ine ndimati nsalu za silika zimenezi n'zoyenera kuzisunga, kuzisirira popanda manyazi, ngakhalenso kuziwonongera ndalama za boma. Koma pozifotokoza tiziyambira kwa anthu a mumzinda wa Lyon ku France amene anazipanga, chifukwa luso ndi lawo. Ovala anangotulutsa ndalama.

Silika sanayambire ku France. Kwa zaka mazana angapo nsalu zabwino za mtunduwu zinkachokera ku Italy, m'mizinda ngati Lucca, Genoa, Venice ndi Florence, ndipo mafumu a ku France ankaipidwa poona golide wawo akudutsa mapiri a Alps osabwerera. Mu 1466 Mfumu Louis XI inayesa kukhazikitsa ntchitoyi ku Lyon, koma akuluakulu a mzindawo sanaifune, ndiye mu 1470 inasamutsidwira ku Tours. Zinthu zinadzagwira mu 1536 pamene Mfumu François I inapereka ufulu wapadera kwa amalonda awiri ochokera ku Piedmont, kumpoto kwa Italy, Étienne Turquet ndi Barthélemy Naris, kuti abweretse amisiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 Claude Dangon anakonza chowombera chotha kutulutsa maluwa akuluakulu, ndipo mu 1667 nduna Colbert inaika malamulo okhwima pa mulifupi mwa nsalu, kuchuluka kwa ulusi, ndi zaka zimene munthu ayenera kuphunzira asanatchedwe mmisiri. Pofika m'ma 1780 ku Lyon kunali zowombera pafupifupi 14,000, ndipo munthu mmodzi mwa atatu alionse mumzindamo ankadyera m'silika. Ntchito yonseyi pamodzi ankaitcha Grande Fabrique.

Mayina ambiri amene ndatchulawa ndi a mafumu, nduna ndi amalonda. Tiyeni titsike kumene kunali manja.

Mbozi ya silika imadya masamba a mabulosi. Ikakhwima imadzikulunga m'chikwa cha ulusi umodzi wotalika mamita mazana angapo. Azimayi a m'midzi ya kumwera kwa France ndi ku Piedmont ankaviika zikwazo m'madzi otentha n'kumasomola ulusi ndi zala, tsiku lonse manja ali m'nthunzi. Ulusiwo unkapotedwa, kunyikidwa mu utoto, kenaka kukulungidwa pa timitengo. Ulusi wonyezimira unali ndi njira yakeyake: ankatenga ndodo ya siliva, kuikuta ndi golide, kuikoka kupyola m'timabowo tonka ticheperachepera mpaka itafanana ndi tsitsi, kenaka kuipsinja n'kuizunguliza pa ulusi wa silika.

Wojambula akamaliza duwa lake, linkasamutsidwira papepala la timabokosi ting'onoting'ono, kabokosi kalikonse kakuimira pamene ulusi wa m'litali ukumana ndi wopingasa. Apa ndiye pamabwera anthu amene sindimatopa kuwaganizira. Ntchito yawo inali kuwerenga pepalalo, ndipo ambiri anali azimayi. Kabokosi ndi kabokosi, mzere ndi mzere, ankamanga zingwe za chowombera m'magulumagulu, kuti gulu lililonse likakokedwa lidzutse ulusi wokhawo umene ukufunika pa mzerewo. Kulakwitsa chingwe chimodzi kunkaonekera m'duwa lililonse kuchokera kumutu kwa nsalu mpaka kumiyendo. Kukonzekeretsa chowombera motere kunkatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndipo masiku onsewo mmisiri sankalowetsa kanthu m'thumba, pakuti ankalipidwa potengera kutalika kwa nsalu imene watulutsa.

Kuwomba kukayamba, mtsikana ankakoka gulu la zingwe lokhala ndi zolemetsa zamtovu, ulusi n'kudzuka, mmisiri n'kulowetsa kachipangizo konga bwato laling'ono konyamula mtundu umodzi. Chinsinsi cha nsaluyi chili pomwepa: ulusi wa mtundu suyenda m'lifupi monse, umangofika pamene duwa lathera n'kubwerera. Duwa la mitundu isanu ndi umodzi linkafuna timabwato tisanu ndi kamodzi, ndipo ngati m'lifupi muli maluwa anayi, werengani nokha timabwato timene tinali mbweretete pamaso pa munthu mmodziyo. Pa nsalu zovuta kwambiri, tsiku lathunthu linkabala masentimita owerengeka chabe. Nsaluyo inali yopapatiza, kupitirira pang'ono theka la mita, ndipo diresi limodzi la kunyumba yachifumu, lija lofufuma m'chiuno ngati dengu, linkadya mamita oposa khumi.

Anthu a nthawi imeneyo ankadziwa bwino pamene pali mtengo. Telala ankalandira kochepa poyerekeza ndi mtengo wa nsalu, ndipo ankaopa kuidula. Mukaonetsetsa kumbuyo kwa madiresi amenewa, mupeza mapindo akuluakulu otsika kuchokera m'mapewa mpaka pansi. Nsalu inkapindidwa m'malo modulidwa, kuti tsiku lina idzasomoledwe n'kusokedwanso mwa mtundu wina. Mayi wolemera akatopa nalo diresi linkapita kwa omutumikira, kuchoka apo kwa ogulitsa zovala zakale, kaunjika wa ku Paris, kapena kutchalitchi kukasanduka chovala cha wansembe pa Misa. Zambiri mwa nsalu zimene zilipo lero zinapulumukira m'matchalitchi momwemo. Wovala ankasintha, kasokedwe kankasintha, chotsalira chinali ntchito ya wowomba.

Sindikuchepetsa ojambula. Jean Revel, m'zaka za m'ma 1730, anapeza njira yolowetsa mitundu iwiri ya ulusi mwa inzake ngati zala za manja awiri opingasana, moti chipatso pansalu chinayamba kuoneka chobulungira, chokhala ndi mthunzi, ngati ungachithyole. Philippe de Lasalle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1723 mpaka 1804, anaika mbalame pansalu zooneka ngati ziuluka, ndipo ntchito zake zinafika kwa Mfumukazi Catherine II ya ku Russia ndi kwa Mfumukazi Marie Antoinette ya ku France. Mu 1756 ku Lyon kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa kujambula. Amenewa anali akatswiri enieni, ndipo mayina awo anasungidwa. Chimene ndikufunsa n'chakuti bwanji mndandanda wa mayina umathera pa iwo.

Yankho lili m'kayendetsedwe ka malondawo. Pamwamba panali amalonda mazana ochepa. Iwo ndiwo ankagula silika, kulemba ntchito ojambula ndi kugulitsa nsalu. Pansi pawo panali amisiri zikwi zingapo, aliyense ndi zowombera zake zochepa m'nyumba imene ankagonamo ndi banja lake. Chowombera chinali cha mmisiri, nyale inali yake, lendi inali yake, chakudya cha omuthandiza chinali chake. Silika ndi chojambula zinali za wamalonda. Ulusi unkayezedwa pa sikelo potuluka, nsalu n'kuyezedwanso pobwera, ndipo kulemera kukaperewera mmisiri ankaganiziridwa kuba. Mtengo wa ntchito ankaunena ndi wamalonda. Amene anaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya sadzafuna womumasulira.

Amalondawa anali ochenjera. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 anayamba kutulutsa maluwa atsopano chaka ndi chaka, kuti pamene owomba a ku London kapena ku Italy akumaliza kukopera za chaka chino, ku Paris zikhale zitatha kale fasho. Njira imeneyi inawalemeretsa, mpaka mu 1766 dziko la Britain linaletsa silika wa ku France kulowa kwawo pofuna kuteteza owomba ake a ku Spitalfields mu London, amene ambiri mwa iwo anali zidzukulu za Apulotesitanti othawa ku France pambuyo pa 1685. Koma duwa latsopano lililonse linkatanthauza kumasula zingwe zonse n'kumanganso, ndipo masabata opanda malipiro aja ankagwera yemwe uja.

Nanga mtsikana wokoka zingwe? Ambiri ankachokera m'midzi yosauka ya ku Savoy, Bugey ndi Bresse ali achichepere. Ankagona m'chipinda chomwecho chogwiriramo ntchito, ankaima maola oposa khumi ndi awiri patsiku akukoka zolemera, ndipo ambiri ankathera m'chipatala cha Hôtel-Dieu asanafike pa msinkhu wokhazikika. Malamulo a Grande Fabrique ankaletsa mtsikana wotere kukhala pa chowombera n'kumawomba yekha molipidwa. Mwayi umenewo unali wa akazi ndi ana a amisiri okha, mpaka mu 1786 pamene lamulo linamasulidwa. Amisiri nawonso, amene ndikuwaikira kumbuyo m'nkhani ino, ankafuna atsikanawa akhalebe pa zingwe, chifukwa popanda wokoka chowombera chinali matabwa chabe. Woponderezedwa naye anali ndi womupondereza wake, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa.

Amisiri sanangokhala chete. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu Ogasiti 1744 anaukira malamulo atsopano amene ankapereka mphamvu zochuluka kwa amalonda, ndipo Jacques Vaucanson, woyang'anira ntchito za silika m'dziko lonse, anachita kuthawa mumzindamo. Mu Ogasiti 1786 ananyanyala ntchito popempha kuti awonjezeredwe tindalama tiwiri totchedwa sou pa muyezo uliwonse wa nsalu, muyezo wotalika pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Tindalama tiwiri. Asilikali anabwera, amuna atatu ananyongedwa, ndipo mwezi wotsatira boma linalamula kuti pasakhalenso mtengo wokhazikika, aliyense azigwirizana payekha ndi womupatsa ntchito. Chaka chisanathe, pa 14 Julayi 1787, boma lomwelo linatulutsa lamulo loteteza zojambula za amalonda kuti wina asazikopere: zaka 6 pa nsalu za zovala, zaka 15 pa nsalu za m'nyumba ndi za kutchalitchi. Duwa la papepala linapeza chitetezo cha lamulo pamene dzanja loliwomba linali litangolandidwa kumene chake. Mukafuna kumvetsa chifukwa chake kapepala ka m'nyumba yoonetseramo zakale kalibe dzina la mmisiri, yambirani pa miyezi imeneyi.

Tsono pali anthu amene akamva zonsezi amati: ndiye tikusiriranji? Izi ndi nsanza za anthu odzikonda amene ankavala malipiro a chaka chonse a mmisiri, mwinanso kuposa, pa phwando la usiku umodzi. Amawonjezera kuti ngakhale mitundu yake ili ndi magazi. Utoto wofiira wowala unkachokera ku tizilombo ta cochineal toweta mbadwa za ku Mexico pansi pa ulamuliro wa Spain. Utoto wabuluu wambiri unkachokera ku minda ya indigo ya ku Saint-Domingue, dziko limene lero ndi Haiti, kumene ankalima ndi akapolo ochokera ku Africa. Ndipo kwa ife nkhaniyi si ya kutali monga tingaganizire, pakuti m'zaka za m'ma 1770 ndi 1780 zombo za Afalansa zinkatenganso anthu ku chilumba cha Mozambique ndi ku Kilwa, madoko amene ankalandira ogwidwa kuchokera kumtunda, kuphatikizapo madera ozungulira nyanja yathu, ndipo ena mwa iwo anakatsitsidwa ku Saint-Domingue komweko.

Mfundo imeneyi ndimailemekeza, ndipo aliyense woonetsa nsaluzi ayenera kuinena poyera. Walira mvula walira matope. Koma kutembenukira nsaluzo msana kumalanga munthu wolakwika. Mfumukazi inafa kalekale, dzina lake lili m'mabuku osawerengeka, ndipo lidzakhalamo kaya diresi lake lisungidwe kaya liwole. Mtsikana wa ku Bugey sanasiye kalata, sanasiye chithunzi, mwinanso ndi manda odziwika omwe. Chimene anasiya ndi mizere zikwizikwi ya ulusi imene inadzuka pa nthawi yake chifukwa cha mikono yake. Nsalu ikatayika, umboni wakuti iye anakhalapo ndiponso ankadziwa ntchito yake watayika nayo.

Zoterezi zinachitikapo kale. M'zaka zomaliza ufumu usanagwe, azimayi olemera anali ndi chizolowezi chosomola ulusi wagolide pa zovala zakale pocheza, n'kukaugulitsa. M'nthawi ya chisinthiko cha ndale chimene chinayamba mu 1789, nsalu zambiri zokhala ndi golide ndi siliva zinatenthedwa kuti apezemo chitsulocho. Mu 1793 mzinda wa Lyon unaukira boma la ku Paris, unazingidwa miyezi iwiri, ndipo utagonja anthu pafupifupi 1,900 anaphedwa. Zowombera zambiri zinaima. Amene anagona ndi njala anali amisiri ndi ana awo.

Ena amabwera ndi mfundo yosiyana. Amati popanda nyumba yachifumu ndi anthu owaza ndalama, luso limeneli silikanabadwa n'komwe, choncho olemera aja ayenera kuthokozedwa. Theka la mfundoyi ndi loona. Palibe mlimi akanagula nsalu yotuluka masentimita ochepa patsiku, ndipo pamene Napoleon anafuna kudzutsanso Lyon anachita zimenezi poitanitsa silika wochuluka wa nyumba zake zachifumu. Koma taonani kumene tsoka linkagwera zinthu zikavuta. Munthu wa banja lachifumu akamwalira, nyumba yachifumu inkavala zakuda kwa masabata kapena miyezi, nsalu zamaluwa n'kusiya kugulidwa. Mu 1783 chithunzi cha Marie Antoinette atavala diresi loyera la nsalu yopepuka ya thonje, chojambulidwa ndi Élisabeth Vigée Le Brun, chinadzetsa phokoso ku Paris, ena akuti mfumukazi ikupha silika wa ku Lyon, ndipo fasho inalowadi ku nsalu zopepuka. Mu 1787 zokolola za silika zinalephera. Nthawi zonsezi wamalonda ankangosiya kupereka ulusi n'kudikira, popeza analibe zowombera zoti ziziwonongeka kapena antchito oti aziwadyetsa. Mmisiri lendi inkamudikira mwezi ndi mwezi. Amene anasenza masiku oipa kuti luso lisafe ndi amene ayenera kuthokozedwa poyamba.

Dzina limodzi la ku Lyon limene dziko lonse limalidziwa ndi la Joseph Marie Jacquard, ndipo chipilala chake chili pabwalo la ku Croix-Rousse mumzindamo. Cha m'ma 1804 iye anasonkhanitsa nzeru za amene anamutsogolera: Basile Bouchon, amene mu 1725 anagwiritsa ntchito pepala loboolaboola, Jean-Baptiste Falcon, amene mu 1728 anasintha pepalalo kukhala makadi olumikizana, ndi Vaucanson uja anathawa mu 1744. Kadi lililonse linkaimira mzere umodzi wa nsalu. Pamene pali bowo ulusi umadzuka, pamene palibe umakhala pansi. Anthu amakonda kunena kuti kompyuta inayambira apa, ndipo zoona zilimo, pakuti Charles Babbage, katswiri wa masamu wa ku England, anatengera makadi amenewa pa makina ake owerengera. Koma nzeru yosandutsa duwa kukhala mndandanda wa "dzuka" ndi "khala" inalipo kale m'zala za azimayi owerenga pepala aja, zaka zoposa zana Jacquard asanakhudze kanthu. Makina anangoisamutsa kuchoka pa zingwe kupita pa makadi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa pano. Mu 1839 ku Lyon kunawombedwa chithunzi cha Jacquard mu silika, chosalala moti oona ankayesa chosindikizidwa. Chinafuna makadi pafupifupi 24,000, ndipo Babbage anali ndi chimodzi kunyumba kwake. Dzina la amene anachiwomba linasungidwa: Michel-Marie Carquillat. Choncho zinali zotheka kulemba dzina la mmisiri pamene eni malonda afuna.

Makinawa anachotsa ntchito yothyola msana ya wokoka zingwe, ndipo pa chimenecho sindingadandaule. Anachotsanso malipiro ake. Chowombera chatsopanocho chinali chachitali, ndiye amisiri anasamukira pa phiri la Croix-Rousse, kumene kunamangidwa nyumba za denga lokwera pafupifupi mamita 4 ndi mazenera aakulu olowetsa kuwala. Anthu a ku Lyon amalitcha phiri logwira ntchito, moyang'anizana ndi Fourvière, phiri lopemphera. Timipata todutsa mkati mwa nyumba, totchedwa traboules, tinkathandiza onyamula nsalu kutsikira kwa amalonda mvula isanyowetse katundu. Makina anasintha, nyumba zinasintha, koma wonena mtengo anali yemwe uja.

Pofika 1831 madiresi ofufuma a kunyumba yachifumu ya Versailles anali mbiri yakale, ndipo amisiri, amene tsopano ankatchedwa ma canut, ankawomba silika wamitundumitundu wopita ku Britain ndi ku America. Analipo eni zowombera pafupifupi 8,000 ndi owathandiza pafupifupi 30,000. Pa 25 Okutobala chaka chimenecho, pamaso pa bwanamkubwa Bouvier-Dumolard, nthumwi za mbali zonse ziwiri zinagwirizana pa mtengo wotsikitsitsa wa ntchito. Amalonda 104 anakana kuutsata. Pa 21 Novembala ma canut anatsika phiri atanyamula mbendera yakuda yolembedwa kuti akhale ndi moyo akugwira ntchito kapena afe akumenya nkhondo. M'masiku awiri analanda mzinda, anthu oposa 150 atafa mbali zonse. Chimene chimandikhudza n'chakuti ataulanda anaika alonda pa nyumba zosungiramo silika kuti wina asabe. Pa 3 Disembala mkulu wa asilikali Marshal Soult ndi mwana wa mfumu analowa ndi asilikali 20,000, ndipo mgwirizano wa mitengo uja unathetsedwa. Mu Epulo 1834 anaukiranso, ndipo kuphana kwake kunaposa koyamba.

Anthu amenewa sanali gulu losadziwa chimene likufuna. Mu 1828 anali atakhazikitsa kale bungwe lothandizana pa matenda ndi pa ulova. Mu 1831 anayambitsa nyuzipepala yawoyawo, L'Écho de la fabrique, mmene ankalembamo za mitengo ndi za milandu yawo ndi amalonda. Ndipo bwalo loyamba ku France loweruza mikangano ya pantchito, limene amalitcha conseil de prud'hommes, linakhazikitsidwa ku Lyon mu 1806 chifukwa cha mikangano ya silika yomweyi. Mabwalo otere akugwirabe ntchito m'dziko lonselo mpaka lero. Wantchito wa ku France akamakadandaula kuti wachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, akuyenda m'njira imene inalambulidwa ndi owomba nsalu.

Lero ku Lyon kwatsala makampani ochepa amene akusungabe zowombera zamanja, monga Prelle ndi Tassinari & Chatel. Amenewa ndiwo amawombanso nsalu za zipinda za ku Versailles ndi nyumba zina zakale, potsata zitsanzo zosungidwa m'mabuku awo. Odziwa ntchitoyi ndi owerengeka, ndipo kuphunzitsa mmodzi kumatenga zaka. Nyumba yosungiramo nsalu ya Musée des Tissus, imene chiyambi chake ndi 1864 ndipo ili ndi zidutswa zoposa mamiliyoni awiri, inatsala pang'ono kutsekedwa pamene bungwe la amalonda la mzindawo linanena mu 2015 kuti silingathenso kuiyendetsa. Anthu oposa 100,000 anasaina chikalata chopempha kuti isatsekedwe, ndipo boma la chigawo cha Auvergne-Rhône-Alpes linaitenga.

Wina angafunse ngati ndalama zimenezo sizikanagwira ntchito yabwino kwina, makamaka poti makina a kompyuta lero amatulutsa nsalu yamaluwa m'maola ochepa. Makina amatulutsadi yofanana nayo patali. Koma nsalu ya mitundu yambirimbiri pa mzere umodzi, ndi ulusi wagolide wosalimba, mwa kawombedwe kakale, imafunabe munthu woika kabwato kalikonse pamalo pake. Luso lotere silikhala m'buku. Limakhala m'thupi la munthu, ndipo m'badwo umodzi ukadutsa osaphunzitsa wina, limapita. Ifenso tikudziwa zimenezi: Amang'anja a ku Shire ankawomba nsalu zawo za thonje zimene David Livingstone anazipeza cha m'ma 1859, ndipo nsalu za kunja zitachuluka lusolo linazilala mpaka lero n'lovuta kulipeza. Silika nayenso ndi wosakhalitsa. Kuwala kumamudya, n'chifukwa chake amaonetsedwa m'zipinda za kamdima kwa miyezi yochepa n'kubwezedwa m'mabokosi. Akapanda womusamalira amasanduka fumbi.

Choncho ndalamazo zitulutsidwe. Koma zikamatulutsidwa m'thumba la anthu wamba, anthu wambawo auzidwe kuti chimene akusunga ndi ntchito ya makolo awo. N'zoona kuti kulumikiza diresi ili ndi mmisiri uyu nthawi zambiri sikutheka, chifukwa nsalu inkachoka m'manja mwake yopanda dzina lake. Komabe mabuku a Grande Fabrique, mmene munkalembedwa ophunzira ntchito ndi amisiri, akusungidwa ku Lyon. Pamene dzina lapezeka, lilembedwe pamwamba pa la wovala. Pamene silinapezeke, kapepala kanene kuti nsaluyi inawombedwa ndi mmisiri ndi mtsikana wokoka zingwe amene mayina awo sanalembedwe, kanene masabata amene kumanga zingwe kunkatenga, masentimita a tsiku limodzi, malipiro a muyezo umodzi, ndi kumene utoto wofiira ndi wabuluu unachokera. Ndipo m'chipinda chilichonse choonetseramo madiresi amenewa, chidutswa chimodzi chiikidwe chotembenuza, anthu aone mbali ya timaulusi tolendewera imene mmisiri ankaiyang'ana tsiku lonse.